Cholesterol ya Ana ku America Inatsika: Kodi Ndi Nkhani Yosangalalira?

Kuyambira mu 1999 mpaka mu 2016, ana a ku United States ankanenepa mowonjezereka, koma cholesterol ya m'magazi mwawo inkatsika. Kawirikawiri zinthu ziwirizi siziyendera limodzi, chifukwa mwana akanenepa mopitirira muyezo, mafuta a m'magazi mwake amasokonekeranso. Ine ndikuona kuti phata la nkhaniyi ndi nthawi. Cholesterol imawononga thupi malinga ndi zaka zimene yakhala ikuzungulira m'mitsempha. Choncho chilichonse chimene chimaitsitsa munthu adakali mwana chili ndi phindu loposa mmene manambala akuonekera, ndipo mwana amene yake yakwera koma palibe wadziwa amataya zaka zimene sizidzabwezedwa.

Kodi cholesterol n'chiyani, nanga ikuwakhudza bwanji ana pomwe matenda a mtima ndi a akuluakulu?

Cholesterol ndi mtundu wa mafuta umene thupi silingakhale popanda iwo. Yambiri imapangidwa ndi thupi lenilenilo, makamaka m'chiwindi, ndipo imagwira ntchito pomanga makoma a maselo, popanga ndulu, vitamini D ndi mahomoni ena. Poti mafuta sasungunuka m'magazi, amayenda atakutidwa m'timibulu ting'onoting'ono. Timibulu ta LDL timanyamula cholesterol kupita nayo m'thupi monse, pomwe ta HDL timatolera ina n'kuibwezera kuchiwindi. Vuto limabwera LDL ikachuluka. Imalowa pansi pa kakhungu kosalala ka m'kati mwa mtsempha wa magazi n'kukanirira momwemo. Maselo oteteza thupi amabwera kudzaimeza, amafufuma nayo, kenako amafera pomwepo. Mukang'amba mtsempha wotere, poyamba mumangoona kamzere kachikasu kosatukuka. Pakapita zaka makumi angapo kamzereko kamasanduka chotupa cholimba chimene chimachepetsa njira ya magazi, ndipo tsiku lina chikaphulika, magazi amaundana pamenepo n'kutseka mtsemphawo. Zikachitikira mumtsempha wodyetsa mtima, mbali ya mtima imafa. Zikachitikira wopita ku ubongo, munthu amadwala sitiroko.

Kudwala kumaoneka pa ukulu, koma chiyambi chake chili pa ubwana, ndipo umboni wake unapezeka kalekale. Mu 1953, madokotala a asilikali a America anafalitsa zimene anaona atapima mitembo ya asilikali 300 amene anafera kunkhondo ya ku Korea. Anali anyamata azaka pafupifupi 22, amphamvu zawo, koma 77 mwa 100 alionse anali kale ndi zizindikiro za kuwonongeka kwa mitsempha ya mtima. Patapita zaka, m'tauni ya Bogalusa ku Louisiana, Gerald Berenson ndi anzake anayamba kuyeza ana asukulu n'kumawatsatira pamene akukula. Mu 1998 anafotokoza zimene anapeza mwa achinyamata amene anamwalira, ambiri a iwo pangozi kapena pochita kuphedwa: pafupifupi theka la azaka 2 mpaka 15 anali kale ndi timizere tachikasu tija m'mitsempha ya mtima, ndipo amene cholesterol, kuthamanga kwa magazi ndi kunenepa kwawo zinali zokwera ali moyo, mitsempha yawo inali yowonongeka kwambiri.

Nanga kafukufuku wa posachedwapa anapeza chiyani kwenikweni?

Boma la America, kudzera ku bungwe la CDC, lili ndi kafukufuku wotchedwa NHANES amene mu 1999 anayamba kuchitika chaka ndi chaka. Chaka chilichonse amasankha anthu pafupifupi 5,000 oimira dziko lonse, n'kuwayeza m'zipatala zoyendayenda zokokedwa ndi malole. Mu 2019, Amanda Perak wa ku Northwestern University ku Chicago ndi anzake anafalitsa m'magazini ya madokotala ya JAMA zotsatira za ana ndi achinyamata 26,047 azaka 6 mpaka 19. Avereji ya cholesterol yonse inatsika kuchoka pa 164 mg/dL mu 1999-2000 kufika pa 155 mu 2015-2016. Mwa azaka 12 mpaka 19, LDL inatsika kuchoka pa 92 kufika pa 86, ndipo mafuta ena otchedwa ma triglyceride anatsika kuchoka pa 78 kufika pa 63 pofika 2013-2014. HDL inakwerako pang'ono. Kuti manambalawa amveke, akatswiri a kumeneko amati cholesterol yonse ya mwana ili bwino ikakhala pansi pa 170, yakwera ikafika 200. LDL ili bwino pansi pa 110, yakwera ikafika 130. HDL imafunika kupitirira 45. M'mayiko amene amayeza pogwiritsa ntchito mmol/L, 170 ndi pafupifupi 4.4 ndipo 200 ndi pafupifupi 5.2.

Nambala ina ya m'kafukufuku yemweyo ndi yofunika kuiika pambali pa zimenezi. Pa zaka zomaliza za kafukufukuyu, ana amene miyezo yawo yonse inali pabwino anali pafupifupi theka basi. Mwa azaka 6 mpaka 11, ana 15 mwa 100 alionse anali ndi muyezo umodzi kapena kuposerapo wolakwika ndithu, ndipo mwa azaka 12 mpaka 19 anali mmodzi mwa anayi alionse.

Zinatheka bwanji kuti cholesterol itsike pomwe ana ankanenepa?

Kunenepako n'kosakayikitsa: mu 1999-2000 ana 14 mwa 100 alionse azaka 2 mpaka 19 anali onenepa mopitirira muyezo, ndipo mu 2015-2016 anadutsa 18. Si mankhwala amene anatsitsa cholesterol, chifukwa ana omwa mankhwala otsitsa cholesterol otchedwa ma statin ndi ochepa zedi moti sangasunthe avereji ya dziko. Si kutinso mabanja mamiliyoni anangodzuka tsiku lina n'kusiya zakudya za m'mapaketi; akanatero, ana sakananenepa. Chimene chinasintha kwambiri m'zaka zimenezo ndi mafuta amene mafakitale ankaika m'zakudyazo.

Kwa zaka zambiri, makampani ankatenga mafuta amadzimadzi a soya kapena a thonje, n'kuwaphatikiza ndi mpweya wa hydrogen kuti alimbe ndiponso asavunde msanga. Mafuta otere ankapezeka m'majarini, mabisiketi, makeke, madonasi ndi tchipisi za m'malesitilanti. Pokonzedwa motero mumatuluka mafuta a trans, amene amakweza LDL n'kutsitsa HDL nthawi imodzi. Dziko la Denmark linali loyamba kuwaikira malire mu 2003. Ku America, kuyambira pa 1 January 2006, lamulo linakakamiza makampani kulemba pa paketi kuchuluka kwa mafuta a trans, ndipo ambiri, poopa kuti ogula awathawa, anasintha kapangidwe ka zakudya zawo. Mzinda wa New York unayamba kuwaletsa m'malesitilanti mu 2007. Mu 2015 bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala, la FDA, linagamula kuti mafuta olimbitsidwa mwa njirayi si otetezeka, n'kupatsa makampani mpaka 2018 kuti awasiye. Akatswiri a CDC atayeza magazi a akuluakulu achizungu, anapeza kuti mafuta a trans anatsika ndi 58 peresenti pakati pa 2000 ndi 2009.

Wina anganene kuti zinthu ziwiri kuchitika nthawi imodzi si umboni wakuti china chinachititsa chinzake. N'zoona, ndipo NHANES imangojambula mmene zinthu zilili, siyesa chifukwa chake. Kusuta fodya kunachepanso m'zaka zimenezo, ndipo utsi wa fodya umatsitsa HDL. Komabe tikudziwa kuchokera ku mayeso odyetsa anthu mwadala kuti mafuta a trans amakweza LDL, tikudziwa kuti anachepa m'magazi a anthu, ndipo kusintha kumene kunaoneka mwa ana kuli mbali yomweyo imene munthu angayembekezere. Kwa ine, chofunika kwambiri n'chakuti mwana wazaka 8 sanasankhe kalikonse pamenepa. Anapitiriza kudya bisiketi yake, koma bisiketiyo inali itasintha. Lamulo linafika m'mbale ya mwana wa banja losauka ndi wa banja lolemera, popanda kudikira kuti mayi ake awerenge kabuku ka malangizo.

Koma kutsika kuchoka pa 164 kufika pa 155 si kochepa kwambiri moti sikungasinthe kanthu?

Kwa mwana mmodzi pa tsiku limodzi, n'kochepadi. Ngakhale kuyeza munthu yemweyo kawiri kukhoza kusiyana chomwecho. Koma funso loyenera si lakuti yatsika motani, ndi lakuti yatsika kwa zaka zingati komanso mwa anthu angati. Zili ngati dothi lodikha m'damu: la dzinja limodzi silioneka, koma la madzinja makumi anayi ndi limene limakwirira damu lonse, ndipo kuchepetsa pang'ono lolowa chaka chilichonse kumatalikitsa moyo wa damulo kuposa kudzalikumba litadzaza kale.

Umboni wamphamvu wa zimenezi unachokera ku Dallas. Mu 2006, Jonathan Cohen ndi Helen Hobbs anafalitsa zotsatira zokhudza anthu akuda a ku America amene anabadwa ndi kachidutswa ka chibadwa kotchedwa PCSK9 kosagwira ntchito mokwanira. Anali pakati pa awiri ndi atatu mwa 100 alionse. Chifukwa cha chibadwa chimenechi, LDL yawo inali yotsika ndi 28 peresenti, koma matenda a mitsempha ya mtima anali ochepa ndi 88 peresenti pa zaka 15 zimene anatsatiridwa. Yerekezani ndi munthu wamkulu amene wayamba kumwa statin ali ndi zaka 60: akatsitsa LDL ndi mlingo wofanana ndi umenewo, pafupifupi 39 mg/dL, chiopsezo chake chimatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu pa zaka zisanu. Anthu a chibadwa chija anali ochepa, choncho nambala ya 88 tisaigwire ngati yosasunthika, koma kafukufuku wina wambiri wa zachibadwa walozanso komweko: LDL yotsika kuyambira kubadwa imateteza kwambiri kuposa LDL yotsitsidwa mochedwa. Kusintha kwa PCSK9 kotereku kunapezekanso mwa amayi ena a ku Zimbabwe, ndipo nawonso cholesterol yawo inali yotsika.

Mu 2022 kunatuluka umboni wotsatira ana enieni mpaka ukulu. Ofufuza anaphatikiza magulu a ku America, Finland ndi Australia, ana 38,589 amene anayezedwa ali ndi zaka 3 mpaka 19, n'kuwatsatira kwa zaka pafupifupi 35. Amene ali ana anali ndi cholesterol yokwera, magazi othamanga, thupi lonenepa kapena ankasuta, ndi amene anali pa chiopsezo chachikulu chodwala kapena kumwalira ndi matenda a mtima asanakalambe. Choncho kutsika pang'ono mwa ana mamiliyoni makumi angapo, ngati kungapitirire mpaka ukulu wawo, si nkhani yaing'ono.

Ndiye n'chifukwa chiyani simukungoti zinthu zili bwino?

Chifukwa avereji imabisa ana amagulu awiri. Gulu loyamba ndi la onenepa kwambiri, amene kawirikawiri amakhala ndi ma triglyceride okwera ndi HDL yotsika, ndipo ena amapita ku matenda a shuga. Kuchotsa mafuta a trans ndi ntchito yochitika kamodzi. Akatha, atha, pomwe kunenepa kukupitirira. Palibe chotitsimikizira kuti phindu lija lidzapitiriza kuphimba vutoli. Ngakhale kukwera kwa HDL sikuyenera kutitonthoza kwambiri, poti mankhwala amene anayesedwa pokweza HDL mwa akuluakulu sanachepetse matenda a mtima monga ankayembekezera.

Gulu lachiwiri ndi limene limandikhudza kwambiri, chifukwa lamulo la zakudya silingalipulumutse. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 250 mpaka 300 amabadwa ndi vuto lakumtundu limene madokotala amalitchula mwachidule kuti FH. Chiwindi cha munthu wotere chili ndi timakomo tochepa tokokera LDL kuichotsa m'magazi. Michael Brown ndi Joseph Goldstein analandira mphoto ya Nobel mu 1985 chifukwa chotulukira timakomo timeneti. Kholo likakhala ndi FH, mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka woitengera. Mwanayo akhoza kukhala wochepa thupi, wothamanga pa mpira, wodya masamba, koma LDL yake n'kukhala kuwirikiza kawiri ya anzake kuyambira ali khanda. Samva kupweteka paliponse. Zizindikiro zooneka, monga timabampu tolimba pamtsempha wa kumbuyo kwa chidendene ndi pamfundo za zala, kapena mkombero wotuwa m'mphepete mwa diso, zimabwera kawirikawiri munthu atakula, mitsempha itawonongeka kale. Ambiri amadziwika tsiku limene agwa ndi mtima ali ndi zaka za m'ma 40.

Chopweteka n'chakuti chithandizo chilipo ndipo chikugwira ntchito. Ku Amsterdam, ana 214 a FH analowa m'mayeso a mankhwala a pravastatin ali ndi zaka 8 mpaka 18, ndipo ofufuza anabwereranso kwa iwo patatha zaka 20. Zotsatira za mu 2019 zinasonyeza kuti pofika zaka 39, mmodzi yekha mwa 100 anali atadwalapo matenda a mtima kapena mitsempha, pomwe mwa makolo awo a FH, amene anayamba mankhwala mochedwa, anali 26 mwa 100 pamsinkhu womwewo. Palibe mwana amene anamwalira ndi mtima, koma makolo 7 mwa 100 anali atamwalira. Ndi magazi amodzi, vuto limodzi, kusiyana kwake ndi chaka chimene mankhwala anayambika.

Kodi mukutanthauza kuti mwana aliyense ayezedwe? Akatswiri ena satsutsa zimenezi?

Amatsutsadi, ndipo mfundo zawo n'zoyenera kuzimva. Mu 2011, gulu la akatswiri a bungwe la boma loona za mtima, mapapo ndi magazi ku America linalangiza kuti mwana aliyense ayezedwe kamodzi ali ndi zaka 9 mpaka 11, n'kudzayezedwanso pa zaka 17 mpaka 21, ndipo bungwe la madokotala a ana linavomereza. Anasankha zakazo chifukwa pa nthawi yotha msinkhu cholesterol imatsika yokha kwa kanthawi, zomwe zingabise vuto. Koma gulu lina lolangiza boma pa zopewa matenda, la USPSTF, linanena mu 2016 n'kubwerezanso mu 2023 kuti umboni sunakwane woti linganene kuti kuyeza ana onse n'kothandiza kapena ayi. Otsutsawo amati ana ambiri amene cholesterol yawo yakwera pang'ono amadzakhala bwino akakula, kuti kuyeza kumadzetsa nkhawa m'banja, kumadya ndalama, ndipo kungachititse kuti mwana wabwinobwino azionedwa ngati wodwala.

Ndikugwirizana nawo pa mfundo imodzi: mwana amene wapezeka ndi 180 safunika mapiritsi kapena kuopsezedwa, amafunika kuyezedwanso ndi kuona kadyedwe ka banja lonse. Koma umboni umene USPSTF ikufuna ndi wa mtundu woti sungapezeke. Pangafunike kugawa ana masauzande ambiri m'magulu awiri, ena kuwayeza ena ayi, n'kudikira zaka 30 kapena 40 kuti tione omwe afe msanga. Kunena kuti mayeso otere sanachitike n'kosiyana ndi kunena kuti kuyeza n'kopanda ntchito. Ena amati bwanji osangoyeza ana a m'mabanja amene muli mbiri ya matenda a mtima. Njira imeneyi ndi yabwino, ndipo Britain imadalira kwambiri kulondola abale a munthu amene wapezeka ndi FH. Vuto lake n'lakuti imayamba wina atadwala kale, komanso makolo achinyamata ambiri sanayezetsepo, ena sakudziwa chimene chinapha agogo. Akatswiri a mu 2011 aja anapeza kuti kudalira mbiri ya banja kumaphonya ana 30 mpaka 60 mwa 100 alionse amene ali ndi vuto. Dziko la Slovenia limayeza ana onse akafika zaka 5 kuyambira mu 1995. Ku England, David Wald ndi anzake anayeza ana oposa 10,000 pa tsiku la katemera ali ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo pa ana 1,000 alionse ankapeza anthu 8 a FH: ana anayi ndi makolo anayi. Kadontho ka magazi a mwana kanathandizanso kupeza bambo kapena mayi amene anali pafupi kwambiri ndi ngozi kuposa mwanayo.

Kodi kuchepetsa mafuta sikungasokoneze kakulidwe ka mwana, makamaka kwathu kuno kumene ana ambiri sadya mokwanira?

Mwana amafunika mafuta, ndipo wosakwana zaka ziwiri amawafuna kwambiri chifukwa ubongo wake ukukula. Mkaka wa m'mawere uli ndi mafuta ndi cholesterol yambiri, ndipo palibe chakudya choposa umenewo kwa khanda. Nkhani si yochotsa mafuta, ndi ya mtundu wake. Ku Turku ku Finland, kafukufuku wa STRIP anatenga makanda oposa 1,000 a miyezi 7, n'kumalangiza mabanja a theka la iwo kuti achepetse mafuta oundana monga batala n'kuika amadzimadzi ochokera ku mbewu. Anawo anatsatiridwa mpaka zaka 20. Anakula, kutha msinkhu ndi kukhwima nzeru mofanana ndi anzawo, koma cholesterol yawo inali yotsikirapo.

Ku Malawi, kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Kungakhale kulakwa kwakukulu kuti mayi amve nkhani ya ku America n'kusiya kuthira nsinjiro kapena supuni ya mafuta ophikira m'phala la mwana. Mtedza, soya, mapeyala ndi usipa zili ndi mafuta a mtundu wabwino umene ana a ku Turku ankapatsidwa. Chotikhudza pa nkhaniyi chili pawiri. Choyamba ndi zakudya za m'mapaketi zimene zikuchuluka m'magolosale ndi m'zikwama za ana asukulu m'matauni: kafukufuku wamkulu wa mu 2020 anasonyeza kuti pakati pa 1980 ndi 2018 cholesterol ya akuluakulu inatsika m'mayiko olemera a kumadzulo n'kukwera kum'mawa ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, kumene kadyedwe kanasintha mofulumira. South Africa inaika malire a mafuta a trans mu 2011, ndipo bungwe la WHO linapempha mayiko onse mu 2018 kuti awathetse. Dziko siliyenera kudikira kuti ana ake anenepe kaye lisanachite zimenezi. Chachiwiri ndi FH, imene imapezeka m'mitundu yonse ya anthu ndipo siyang'ana ngati mwana ndi wonenepa kapena wowonda. Banja limene bambo, mayi, malume kapena azakhali anagwa mwadzidzidzi ndi mtima asanafike zaka 55 lili ndi chifukwa chokwanira chopemphera kuchipatala kuti akuluakulu ayezedwe cholesterol, ndipo wina akapezeka nayo yokwera kwambiri, ana ake ayezedwenso asanakwanitse zaka 10.